Zala za Tiyu Ezequiel ndi Mbuzi za ku Nhartanda

Senyoro Diretori, a Orlando. Akuluakulu a bungwe loyendetsa wailesi yathu ino. Abusa ndi a shehe amene mwatilemekeza pobwera. Dona Ofélia, ana ndi adzukulu. Anzanga a chigawo cha Chipwitikizi, a chigawo cha Chinyungwe, ndi ife ochepa a Chinyanja. Ndiponso inu a kumbuyoko, amene sindikukudziwani koma munamva kuti kuno kuphikidwa. Nonse ndakulonjerani.

Ndi inu, Tiyu Ezequiel, malume a tonsefe. Khalani pansi. Lero maikolofoni ndi anga.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine Marlene, wa ku Tsangano. Mawu anga simunawamvepo pa wailesi. Ine ndimakhala kuseri kwa galasi, pa makina. Ntchito yanga ndi kuonetsetsa kuti mawu a muulutsi akufika kwa inu ali oyera, opanda phokoso. Ndiye mukumva kale kuti ine ndi bambo awa sitinayambe bwino.

Mbiri yawo mukuidziwa. Anabadwira kufupi ndi Ulongwe. Nkhondo itavuta anathawira ku Malawi ndi makolo awo. Mtendere utabwera anabwerera, atanyamula kachikwama kamodzi ndi mawu aakulu aja. Wailesi ino itangoyamba, iwo anali kale pakhomo. Zaka zapitapo zoposa makumi atatu. Ma diretori abwera ndi kupita, denga lasinthidwa, mpando wa mu estudiyo wathyoka kangapo, koma iwo ali pomwepo.

Ine kunalibe pamene ankayamba, koma akale anandiuza. Sabata yawo yoyamba anapatsidwa mauthenga a maliro ndi a ukwati. Mantha atawagwira, anasakaniza mapepala. Analengeza ndi mawu achisoni kuti mnyamata wina wa ku Domwe watisiya, ndipo mwambo wonse udzachitika Loweruka ku tchalitchi, pambuyo pake madyerero. Abale a mkwati anafika ku Domwe akulira, atamanga nsalu m'chiuno. Anapeza malemuyo akuyesa suti. Tiyu mpaka lero amati cholakwa chinali cha wolemba. Kumbukirani khalidwe limeneli, chifukwa silinathere pomwepo.

Koma sindinaimirire pano chifukwa cha ukwati wa ku Domwe. Ndaimirira chifukwa cha zala.

Munthu wina asanayambe ntchito amapemphera. Wina amatsokomola. Tiyu Ezequiel amathyola zala. Nyali yofiira ikangoyaka, dziko lonse lili tcheru, iwo amayamba ndi kachala kakang'ono. Thwa. Kenako chinzake. Thwa. Mpaka chala chachikulu, chimene chimalira ngati phesi louma lapondedwa ndi ng'ombe. Zonsezi pafupi ndi maikolofoni. Kwa ine kuseri kwa galasi, singano ya makina inkalumpha ngati yalumidwa.

Ndinawapempha mwaulemu. Ndinasuntha maikolofoni, iwo anasuntha mpando. Ndinawauza kuti azithyolera panja asanalowe, anati zothyola panja zimazizira. Tsiku lina ndinakwiya ndithu. Anandiyang'ana ngati mwana wosadziwa kanthu, nkunena kuti, “Marlene, mawu anga amayambira m'zala. Ukatseka uko, watseka ndi kuno.”

Choipa kwambiri n'chakuti omvera anali mbali yawo. Popeza iwo ndi amene ankawerenga mauthenga a maliro, anthu anayamba kumasulira. Zala zikalira kwambiri, ndiye kuti maliro achuluka. Zikalira pang'ono, anthu ankapuma. Mayi wina wogulitsa matimati ku msika wa Kwachena anandiuza ndi mtima wake wonse kuti chala chachikulu chikalira mwamphamvu, wamwalirayo ndi munthu wolemekezeka. Ndinamuuza kuti ndimakhala pomwepo, ndipo bambowa amathyola asanayang'ane n'komwe pepala. Anandiseka. Anati ine ndine wa makina, za anthu sindingazidziwe.

Diretori amene analipo inu musanabwere, a Orlando, anayesa kuletsa. Anati wailesi si khonde la munthu. Tiyu anamvera, nayamba kuwerenga atakhalira manja. Foni sinapume. Ena ankafunsa kuti bambo aja tawachotsa liti. Ena ankati amene akuwerengayo ndi mng'ono wawo, ndipo sakufikapo. Bambo wina anakwera minibasi, ija timati chapa, kuchokera ku Ulongwe, anafika pageti ali fumbi lokhalokha, kudzaona ndi maso ake ngati a Ezequiel akadali moyo. Lamulo lija linafa lokha, palibe amene analengeza maliro ake.

Kunyumba kwawo, m'dera la Francisco Manyanga, nkhondo inali ina. Dona Ofélia, ndikunama? Chikwatirane, mayi awa akhala akuchenjeza amuna awo kuti zala zimenezo zidzapindika ngati mizu ya chinangwa, nyamakazi idzawalowa, adzalephera ndi kumanga batani la malaya. Tiyu ankangoseka, n'kuthyola chala china pafupi ndi khutu la mayiwo. Kuti banja limeneli lilipobe, ulemu upite kwa Dona Ofélia.

Ndiye kunabwera chaka chija. Ambiri a inu munalipo. Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe, pamene kuno ku Tete ngakhale buluzi amafuna mthunzi. Tiyu Ezequiel analowa mu estudiyo atavala luva, golovesi yaubweya, kudzanja lamanja. Yaubweya, ngati ya alonda a ku Tsangano mu Juni. Nditafunsa, anati makina oziziritsa chipinda akuwapweteka. Makina amenewo anafa kalekale, ndipo popeza maikolofoni ndili nawo ine, Senyoro Diretori, akadali akufa.

Nyali yofiira inayaka. Zii. Palibe thwa. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Ankayendanso motsimphina, n'kumati ndi nsapato zatsopano. Nsapatozo ndinkazidziwa, zinali ndi zaka zofanana ndi mwana wanga woyamba.

Tsiku lina anavula luva ija kuti agwire cholembera, ndipo ndinaona. Mfundo ya chala chapakati inali itatupa, yofiira, yonyezimira ngati masau akupsa. Atadziwa kuti ndaona, anatseka chitseko. Anandiuza motsitsa mawu kuti, “Ofélia ankanena zoona. Ndadziphera ndekha manja.”

Apa musaseke, chifukwa bambowa ankaopa zenizeni. Anandiuza za abambo awo, amene kumapeto kwa moyo wawo ku Malawi manja anali atapindika moti ankachita kudyetsedwa. Tiyu ndi amene ankawadyetsa. Ankadziwa mmene munthu wamkulu amaonekera akamatsegula pakamwa kudikira dzanja la mwana. Ndinawauza kuti apite kuchipatala. Anati kuchipatala akatani, pamene matenda akuwadziwa, chifukwa chake akuchidziwa, ndipo wolakwa akumudziwa. Munthu anadziyeza yekha, nadziweruza yekha, nadzipatsa yekha chilango cha luva.

Akanakhala munthu wamba, nkhani ikanathera pamenepo. Koma munthu amene ali ndi maikolofoni akalapa, chigawo chonse chimalapa naye. Tiyu anapempha pologalamu ya zaumoyo ya Lachisanu, ndipo anapatsidwa. Sabata yoyamba, mutu unali kuthyola zala. Sabata yachiwiri, kuopsa kwa kuthyola zala. Sabata yachitatu, zimene makolo angachite ndi mwana wothyola zala. Malungo anadikira. Kolera inadikira. Amayi oyembekezera anadikira. Bambo ankalalikira kuti thwa iliyonse ndi fupa likubenthuka, kuti mkati mwa chala mumadzaza ufa wa mafupa, kuti amene wayamba ali mwana pofika zaka makumi asanu adzadya ndi zigongono. Ufa wa mafupa. Anautenga kuti, Mulungu yekha akudziwa.

Ndipo anthu anakhulupirira. Akanalekeranji? Bambo ameneyu, kuchotsa mkwati wa ku Domwe uja, sanawanamizepo za imfa. Aphunzitsi anayamba kumenya ana ndi rula pa zala, ati pofuna kuteteza zalazo. M'ma chapa anthu ankadzudzulana. Ine ndinapeza bata limene ndinalipempha kwa zaka zambiri, koma silinandikomere.

Tsopano tifike kwa Ivanildo. Imirira, anthu akuone. Uyu ndi wa ku Zóbuè. Anakula akumvera Tiyu Ezequiel pa kawailesi ka agogo ake, ndipo anabwera kuno chifukwa cha iwo. Anatengera zonse: kapumidwe, kakokedwe ka mayina, ngakhale kakhosomoledwe. Zala nazo anatengera. Tsiku lina akuyamba nkhani zamasana, dzanja linachita zimene linazolowera. Thwa, kamodzi kokha. Tiyu anali pakhonde, ndipo anamva.

Anapita molunjika ku ofesi. Anati wailesi singalalikire china n'kumachita china, mnyamatayu akuwononga ana a anthu, achoke pa maikolofoni. Senyoro Diretori, musayang'ane pansi, munavomera ndinu. Ivanildo anachotsedwa. Anayamba kunyamula mawaya ndi kukolopa mu estudiyo, mkazi wake ali ndi khanda, ndipo kunkamveka kale kuti chaka chikatha sadzamusunganso. Mlandu wake unali wotengera mphunzitsi wake. Khala pansi, Ivanildo.

Kenako Tiyu anafuna chidindo. Anaganiza zoitana dokotala kuti adzatsimikizire pa wailesi zonse zimene iwo ankaphunzitsa. Anapeza Dotora Isménia, mayi wodekha, wokulira ku Angónia, wolankhula Chinyanja chabwino kuposa ena a ife. Ndinawafunsa ngati akambirana nawo kaye zimene adzanene. Anati zimenezo amachita ndi oyamba kumene ntchito.

Lachisanu linafika. Tiyu anawalandira a dokotala ndi mawu aatali ngati a pa ukwati. Kenako anawapempha kuti auze omvera kuti munthu wothyola zala amatenga zaka zingati manja asanafe.

A dokotala anamwetulira, nkunena kuti zimenezo iwo sakuzidziwa. Anafotokoza pang'onopang'ono. Pamene mafupa akumana pamakhala timadzi toterera. Ukakoka chala, malo aja amatakasuka, m'timadzi muja mumapangika kathovu ka mpweya, ndipo phokoso lija ndi limenelo. Si fupa. Anati akatswiri anafanizapo manja a anthu othyola zala kwa zaka zambiri ndi a anthu osathyola, ndipo sanapeze kuti othyolawo amadwala nyamakazi kuposa anzawo. Chimene chimavulala kwambiri, anatero, ndi makutu a amene wakhala pafupi. Koma chala chikamapweteka kapena kutupa, munthu asachikakamize, apite akaonedwe, chifukwa pamenepo pali china.

Tiyu anayamba kundikodola pagalasi kuti ndiike nyimbo. Anakodola ndi dzanja, anakodola ndi mutu, anakodola ndi nsidze. Koma Tiyu, munandiphunzitsa nokha, ndili wachilendo, kuti mlendo sadulidwa pakamwa. Ine ndinasunga chiphunzitso chanu.

Ataona kuti nyimbo sikubwera, anachita chinthu chimene mpaka lero sindichimvetsa. Anavula luva, naika dzanja patebulo, nati, “Nanga ichi n'chiyani, a dokotala? Auzeni anthu.”

Dotora Isménia anawafunsa mwaulemu ngati sangakonde kuti zimenezi akambirane pologalamu ikatha. Tiyu anati iwo alibe chinsinsi ndi omvera awo. Ndiye a dokotala anagwira chala chija, nachiyang'ana. Anafunsa ngati ululu umabwera mwadzidzidzi, ngati moto. Tiyu anavomera. Anafunsa ngati chala chachikulu chakuphazi chimachitanso zomwezo. Tiyu anazengereza, kenako anavomera, ndipo nsapato zatsopano zija zinathera pomwepo. Anafunsa kuti amadya chiyani. Tiyu anati masamba, nyemba, nthawi zina kansomba. Anafunsa za nyama ya mbuzi ndi mowa. Tiyu anati mwa apo ndi apo, pa zikondwerero, monga Mkhristu aliyense.

Nthawi ya mafoni inali itakwana, ndipo nyali ya foni inkaphethira. Ndinalumikiza. Anali Sandro, mwini baraka ija ya nyama yootcha ndi mowa ya ku Nhartanda, kufupi ndi mtsinje. Sandro sanaimbe kuti awononge munthu, anaimba ndi chikondi. Anapereka moni kwa a dokotala, nkunena kuti akunyadira kumva kasitomala wake wamkulu pa wailesi. Anati bambowa saphonya, pologalamu ikangotha amakhala atafika: chiwindi, matumbo okulunga, impso, ndi mabotolo ozizira bwino. Anamaliza ndi kuwatsimikizira kuti za lero wawasungira kale, asadandaule.

Tiyu anachotsa dzanja patebulo.

Foni inaphethiranso. Ndinalumikiza. Mawu ake ndinawadziwa asanatchule dzina. Mayi amene m'mawa uliwonse ankalongedza nyemba ndi masamba m'kabakuli, chifukwa kuchipatala ananena kalekale kuti amuna awo achepetse nyama. Tonse tinadikira mkuntho. Koma Dona Ofélia sanalankhule ndi amuna awo n'komwe. Anangoti, “Dotora, kuyeza magazi mumayamba nthawi yanji?”

A dokotala anayankha.

“Zikomo. Abwera.”

Foni inadulidwa. Apa m'pamene ndinaika nyimbo.

Anapitadi, Dona Ofélia ali pambuyo ngati wapolisi. Magazi anaonetsa matenda amene a chipatala amati gota. Ndi mtundu wa nyamakazi ndithu, koma sulowera m'kuthyola zala. Timchere tina timachuluka m'magazi n'kukaunjikana m'mfundo, ndipo zam'kati mwa mbuzi ndi mowa zimaukolezera. Anapatsidwa mankhwala. Chotupa chija chinaphwa, kutsimphina kunatha, luva inabwerera kwa mwini wake, amene tinamva kuti anali mdzukulu. Miyezi yonse ija munkazenga mlandu zala zosalakwa, Tiyu, pamene wolakwa anali m'mbale, ali ndi tsabola pambali. Ndipo nyemba za Dona Ofélia zija, tinadziwa pambuyo pake, ankadya ndi mlonda wa pageti. Ananenepa bwino, ndipo sanadwalepo.

Mukuganiza kuti Lachisanu lotsatira anapepesa? Ndinalipo, ndikuuzeni mmene anayambira. Anati, “Pali mawu ena amene anamveka pa wailesi ino okhudza zala.” Anamveka. Ngati anabwera ndi mphepo kuchokera ku Moatize. Ngati anagwa kuchokera kudenga. Anapitiriza kuti mawuwo anali osakwanira, ndipo omvera asamakhulupirire zilizonse zimene amva. Anawadzudzulanso. Kenako, thwa, thwa, thwa, n'kuyamba nkhani ya malungo. Bambo awa zaka makumi atatu alankhula mawu onse a m'Chinyanja, ena mpaka opeka okha, koma mawu akuti “ndinalakwa” pa maikolofoni sanatulukepo.

Ndikanathera apa, mukanapita kwanu mukuganiza kuti tikutsanzikana ndi munthu wouma mtima. Ndiye mverani zotsalazo, zimene mwiniwake sakanafuna kuti ndinene.

Pologalamu ya Lachisanu lotsatira lija itatha, kunabwera foni ina, nyali yofiira itazima kale. Anali mayi wa ku Moatize, dzina lake Olinda, mkazi wa dalaivala wa magalimoto a malasha. Sankakalipa. Ankangofuna kudziwa kuti chowona n'chiti. Mwana wake wamkazi, Lara, anali ndi chizolowezi chothyola zala akamawerenga. Mayiyo atamva ulaliki wa Tiyu anachita mantha, nayamba kumumanga zala ndi mphira akabwera kusukulu, ndipo akamupeza wamasula ankamumenya. Mwanayo anafika posalankhula ndi mayi ake. Olinda anafunsa kuti, popeza wailesi yasintha mawu, iye amuuze chiyani mwana.

Tiyu anamufunsa kumene amakhala.

Loweruka anandipempha kuti ndiwaperekeze, ati Moatize saidziwa bwino. Amaidziwa, ankangoopa kupita okha. Tinakwera chapa, tinawoloka mtsinje, tinayenda m'fumbi lakuda lija, iwo akukokabe mwendo pang'ono. Titafika anawapatsa mpando, anakana. Anakhala pamphasa, kuti maso awo afanane ndi a mwanayo. Lara anaima patali, manja atabisa kumbuyo. Tiyu anamuuza, mayi ake akumva, anansi akumva pampanda, kuti, “Mwanawe, iwe sunalakwe. Amayi ako sanalakwe, anamvera ine. Amene ananama ndine.”

Anamuonetsa chala chawo, namufotokozera za kathovu kaja monga anafotokozera a dokotala, ndipo ulendo uno sanawonjezeremo ufa. Mwanayo sanaseke, sanawakhululukire pomwepo ngati m'sewero. Anangotulutsa manja kumbuyo kuja.

Lolemba anapita ku ofesi ya a Diretori. Sanapemphe chilichonse. Anangonena kuti pakhosi pawo pakupweteka, sangathe kuwerenga, ndipo akuona kuti matendawo apitirira mpaka Ivanildo atabwerera pa maikolofoni. Ivanildo anabwerera masana omwewo. Pakhosi panachira madzulo. Kwa Ivanildo mwiniwake sananene kanthu mpaka lero. Tiyu, mnyamata ali apo, tsiku silinathe, ndipo maikolofoni okuopsani aja ali m'manja mwanga. Tikatha kudya muli ndi mpata.

Ndinene changa chimodzi. Amayi anga atamwalira ku Tsangano, uthenga unandipeza ndili pa ntchito, ndipo panalibe wina wogwira makina. Galimoto yopita kumudzi inali ya mawa lake. Ndinakhala kuseri kwa galasi, dzina la amayi anga lili papepala m'manja mwa bambo awa. Nyali itayaka, ndinawaona akukweza manja monga mwa nthawi zonse. Anandiyang'ana. Kenako anawaika pansi pa ntchafu, n'kuwakhalira. Anawerenga dzina la amayi, mfunda wawo, mudzi wawo, pang'onopang'ono, popanda phokoso lina lililonse. Inali mphatso imene anadziwa kuti ine ndekha ndiimvetsa.

Nditafika kumudzi, azakhali anga anandikokera pambali ali okwiya. Anati, “Mayi wamkulu ngati ameneyu, mwana wake ali konko, a wailesi osamuthyolera ngakhale chala chimodzi?” Ndinaseka pa maliro a amayi anga, Tiyu, ndipo ndi inu munachititsa.

Ndiye tikuthokozeni. Zaka zonsezi mwanyamula nkhani zoipa kwambiri zimene munthu angalandire, ndipo simunazithamangitsepo. Dzina la mlimi wa ku Tsangano munkalitchula mofanana ndi la bwana wa mu mzinda. Mukakayika katchulidwe, munkaimba foni kufunsa abale, chifukwa munkati munthu sangafe kenako n'kulakwitsidwanso dzina. Madzi atasefukira, anthu a m'munsimu akuthawira kumtunda, munakhala pa mpando uja mpaka mawu anasasa, kuuza mabanja kumene abale awo afikira. Chinyanja pa wailesi ino chinali ndi mphindi zochepa, mumazimenyera m'misonkhano mpaka anthu kutopa nanu. Tonse a chigawo chathu tinadutsa m'manja mwanu. Munatikalipira, munatichititsa manyazi, munatiphunzitsa. Ndinu munthu wovuta, Tiyu, wosamva za wina, ndipo sitikudziwa kuti tikhala bwanji popanda inu.

Pitani mukapume. Refoma, kupuma pa ntchitoku, si matenda, musaivalire luva. Mukagone mpaka dzuwa likuwotcheni. Mukaone adzukulu, mukapite ku Ulongwe kukapuma mphepo yozizira imene mwakhala mukutinyadira nayo. Lolemba mukatsegula wailesi n'kumva wina wa ife walakwitsa mawu, mupume mozama, mumwe madzi. Musaimbe foni. Dona Ofélia, foniyo muzisunga ndinu. Ndipo mayi, tikupepeseni pasadakhale. Ife tinkagawana nanu bambowa, theka kwa inu, theka kwa ife. Kuyambira mawa ndi anu onse, tsiku lonse. Mulungu akupatseni mphamvu.

Chomaliza. Ntchito ya pa wailesi ili ndi chinthu chimodzi chimene anthu sachidziwa. Woimba amaona omuvinira. Mbusa amamva ameni. Muulutsi amalankhula yekha m'kachipinda kotentha, akuyang'ana khoma ndi nkhope yokwinya ya mayi wa pa makina. Akamaliza, nyali imazima, amatola mapepala ake n'kutuluka. Bambo awa alankhula ndi chigawo chonse kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo palibe tsiku limene anamva munthu akuwaombera m'manja.

Tiyeni tiimirire tonse, ndi inu a kumbuyoko. Lero amve.